Kujambula m'mimba ndi makina a ecografia: zimene amaona ndi zimene saona

Akakuuzani kuchipatala kuti "mupite mukajambulitse m'mimba", mawuwo aliyense amawamva m'njira yake. Wina amasangalala poganiza kuti makina akaunika ndiye kuti nthenda yonse yaululika, chatsala n'kumwa mankhwala basi. Wina mtima umamugunda, makamaka mayi woyembekezera amene anamvapo kuti makinawo amawotcha mwana. Kuno kwathu ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Moatize, pa kalata yotumizira wodwala ija timati guia amalembapo kuti ecografia abdominal. Amene amawoloka malire pa Calómuè kupita ku Dedza amamva akuti sikani. Makina ndi amodzimodzi, ndipo wosangalala uja ndi wamantha uja onse aphonya. Makinawa saopsa, komanso saona zonse. Pali matenda ochepa amene amawaona bwino kwabasi, ndipo ena mwa iwo ndi omwe akupha anthu m'chigawo chino mwakachetechete.

Mantha ambiri amatha munthu akamva mmene makinawa amagwirira ntchito. Mulibe cheza cha X-ray. Amagwiritsa ntchito mawu, koma okwera kwambiri moti khutu la munthu silingawamve. Khutu lathu limalekezera pa mafunde pafupifupi 20,000 pa sekondi, pamene kachipangizo kamene amayendetsa pamimba kaja kamatulutsa mafunde a pakati pa 2 miliyoni ndi 5 miliyoni pa sekondi. Aliyense amene anawetako ng'ombe m'tsinde mwa phiri la Domwe akudziwa kuti ukafuula mawu amagunda thanthwe n'kubwerera, ndipo thanthwelo likakhala kutali amachedwa kubwerera. M'thupi ndi chimodzimodzi. Mawu amayenda m'minofu mtunda wa mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi, akagunda chiwalo ena amabwerera, ndipo makina amawerengera nthawi imene yadutsa ndi mphamvu imene abwerera nayo, n'kupanga chithunzi chimene chimasinthasintha pomwepo wodwala akamapuma.

Madzi sabweza mawu, choncho pa chithunzi amaoneka akuda bii: mkodzo m'chikhodzodzo, madzi a mu ndulu, kapena madzi odzadza m'mimba yotupa. Chiwindi ndi impso zimaoneka zotuwa. Mwala umaoneka woyera mbee ndipo kumbuyo kwake kumagwa mthunzi wakuda chifukwa mawu alephera kudutsa. Adani a makinawa ndi awiri, fupa ndi mpweya. N'chifukwa chake amakupakani mafuta ozizira a gel, kuti pakati pa khungu ndi kachipangizo pasatsale mpweya ngakhale pang'ono. N'chifukwa chakenso chifu ndi matumbo, momwe mumakhala mpweya nthawi zonse, sizioneka bwino. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa madandaulo ambiri a odwala amachokera pamenepa.

Njirayi si yachilendo. Dokotala wa amayi wa ku Glasgow, Ian Donald, ndi anzake anafalitsa zotsatira zawo zoyamba za kuunika zotupa za m'mimba ndi mawu mu 1958. Kuchokera nthawi imeneyo amayi oyembekezera osawerengeka ajambulidwa padziko lonse, ndipo sipanapezeke umboni woti kujambula kochitidwa ndi munthu wophunzira kumavulaza mayi kapena mwana. Mu 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24, kuti adziwe msinkhu weniweni wa mimbayo, ngati ali mapasa, ndiponso ngati pali chilema chachikulu. Apongozi amene akuletsa mtengwa wawo kupita kukajambulitsa akumumana chinthu chothandiza.

Kukonzekera kwake n'kosavuta, koma kukaphonyeka ulendo wonse umapita pachabe. Ngati akufuna kuona chiwindi ndi ndulu, amakuuzani kuti musadye kwa maola 6 mpaka 8. Ndulu ndi kathumba kamene kamafinyika munthu akadya, makamaka zamafuta, ndipo ikafinyika mwala umene uli m'kati umabisika. Chakudya chimawonjezeranso mpweya m'matumbo. Wochokera ku Ulongwe kupita ku chipatala chachikulu cha ku Tete, mtunda wa makilomita opitirira 200 pa chapa, amayesedwa ndi chipisi ndi mandasi a m'njira, ndipo Tete n'kotentha. Madzi akumwa pang'ono saletsedwa kawirikawiri, koma fanta, mkaka ndi thobwa ayi. Mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV ndi a BP amamwedwa ndi madzi ochepa. Wodwala shuga anene msanga kuti amuuze chochita, chifukwa kubaya insulin kapena kumwa mapiritsi a shuga uli ndi njala n'koopsa. Ngati akufuna kuona chikhodzodzo, chiberekero kapena prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo), lamulo limatembenuka: mumamwa madzi okwana pafupifupi lita imodzi kutatsala ola limodzi, osakodza. Chikhodzodzo chodzadza chimakankhira matumbo pambali ndipo mawu amadutsa bwino m'mkodzo. Kujambula kwenikweniko kumatenga mphindi 15 mpaka 30. Mumagona chagada, nthawi zina cham'mbali, amakuuzani kuti mukoke mpweya n'kuugwira kuti chiwindi chitsike kuchoka pansi pa nthiti. Sizipweteka, kupatula ngati adinikiza pomwe pakupweteka kale.

Tsopano chiwindi. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa phindu lalikulu la makinawa kwa anthu a m'chigawo cha Tete lili pamenepa.

Likodzo ambiri timalidziwa ngati nthenda ya ana okodza magazi. Limenelo ndi mtundu umodzi. Pali mtundu wina, wochokera ku tizilombo totchedwa Schistosoma mansoni, umene sukodzetsa magazi n'komwe. Tizilomboti timachoka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kuthirira kudimba kapena kuwedza, kaya ndi mu Zambezi, mu Revúbuè, m'nyanja ya Cahora Bassa kapena m'kadambo ka kuseri kwa mudzi. Tikakula timakhala m'mitsempha ya magazi ya kumatumbo, ndipo mazira ake ena amatengedwa ndi magazi kukatsakamira m'chiwindi. Thupi limamanga zipsera mozungulira mazirawo. Chaka ndi chaka zipsera zimachuluka mpaka njira za magazi m'chiwindi zimapanikizika. Magazi akasowa podutsa amabwerera m'mbuyo. Kapamba, uja amatupa kumanzere pansi pa nthiti, amakula mpaka kufika pamchombo, mitsempha ya kummero imafufuma, ndipo tsiku lina munthu amene dzulo analima bwinobwino amasanza magazi odzadza beseni.

Choipa cha nthendayi n'chakuti kwa zaka zambiri chiwindi chimapitiriza kugwira ntchito yake, moti kuyeza magazi kungathe kuonetsa ngati zonse zili bwino. Ngakhale m'chimbudzi mazira angathe kusowa ngati munthu anatenga tizilomboto kalekale. Koma pa ecografia zipsera zija zimaonekera poyera, ngati mizere yoyera yokhuthala yozungulira mitsempha. Woyeza amathanso kuyeza kutalika kwa kapamba, amene mwa munthu wamkulu sapitirira masentimita 12 kapena 13, ndi kukula kwa mtsempha waukulu wolowa m'chiwindi. Akatswiri amene anakumana ku Niamey, m'dziko la Niger, mu 1996 mothandizidwa ndi WHO anagwirizana njira imodzi yowerengera kukula kwa zipserazi, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito. Zikapezeka zikadali zochepa, mankhwala a praziquantel amapha tizilomboto ndipo mwa ana ndi achinyamata zipsera zimatha kuchepa. Zikapezeka zitakula, pali mapiritsi ochepetsa kupanikizika kwa magazi m'mitsempha ya kummero, komanso njira yomanga mitsemphayo isanaphulike. Msodzi wa kapenta kapena mlimi wa kudimba amene akumva chinthu cholimba kumanzere kwa mimba asadikire kusanza magazi.

Likodzo lokodzetsa magazi nalo limaonekera: khoma la chikhodzodzo limakhuthala, nthawi zina njira ya mkodzo imatsekeka ndipo impso imafufuma ndi mkodzo wobwerera. Mwa ana izi zimachira bwino akamwa mankhwala. Mwa akuluakulu amene akhala nalo zaka makumi, likodzoli lingathe kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, choncho bambo wachikulire wokodza magazi asangopatsidwa praziquantel n'kubwerera kumudzi osajambulidwa.

Mdani wachiwiri wa chiwindi ndi hepatitis B. Kuno ku Africa ambiri amatenga kachilomboka ali makanda kapena ana aang'ono, ndipo kamakhala m'thupi zaka zambiri popanda chizindikiro. Pang'onopang'ono chiwindi chimauma, chimachita zibulumwa, ndipo ena amadwala khansa akadali azaka za m'ma 30 kapena 40. Mozambique yakhala ikudziwika kuyambira kale kuti ndi limodzi mwa mayiko okhala ndi khansa ya chiwindi yochuluka, ndipo chimene chimawonjezera moto ndi poizoni wa aflatoxin wochokera ku chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume. Kachasu ndiye amamalizitsa. Kachilombo ka hepatitis B sikaoneka pa makina, kamapezeka poyeza magazi. Chimene makina amaona ndi zimene kachilomboko kawononga: chiwindi chokhwinyata, madzi m'mimba, kapena kachotupa kamene kangoyamba. N'chifukwa chake amene chiwindi chawo chinauma kale amalangizidwa kujambulidwa miyezi 6 iliyonse. Chotupa cha masentimita 2 chingathe kuchotsedwa, koma chimene munthu wachimva yekha ndi dzanja nthawi zambiri chimakhala chitapitirira kale. Zimandipweteka mtima kuti kwathu kuno ambiri amafika pa makina mimba itatupa kale, maso atachita chikasu, pamimba podzadza mphini, mbuzi zitathera kwa asing'anga poganiza kuti anadyetsedwa. Pamenepo makina amangotsimikizira chimene sichingabwezedwenso.

Si zonse za m'chiwindi zimene zili zomvetsa chisoni chotere. Munthu wotentha thupi amene akumva kupweteka kumanja pansi pa nthiti angathe kukhala ndi thumba la mafinya m'chiwindi, loyambitsidwa ndi tizilombo ta amiba tochokera m'madzi akuda. Pa makina limaoneka msanga, limachira ndi mankhwala, ndipo likakhala lalikulu dokotala amalowetsa singano akuyang'ana pa chithunzi kuti asalase polakwika.

Palinso ntchito ina imene yathandiza kwambiri m'zipatala za kum'mwera kwa Africa. Munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika amatha kudwala TB yosakhala m'mapapo mokha. Akuwonda, akutuluka thukuta usiku, koma makhololo sakuonetsa kanthu kapena sakutsokomola n'komwe. Pali njira yachidule yojambulira, yotchedwa FASH, imene imayang'ana malo ochepa: madzi ozungulira mtima, madzi m'mbali mwa mapapo, madzi m'mimba, mwanabere wotupa m'kati mwa mimba, ndi timadontho takuda mu kapamba. Zikapezeka mwa munthu wotere, dokotala amakhala ndi chifukwa chokwanira choyambitsira mankhwala a TB m'malo modikira mpaka wodwala afooketu. Ubwino wake ndi woti técnico wa kuchipatala cha boma angathe kuiphunzira popanda kukhala katswiri wa zojambula.

Pa ngozi, makinawa amayankha funso limodzi m'mphindi zochepa: kodi m'mimba muli magazi? Msewu wa Tete kupita ku Zóbuè umadutsa magalimoto akuluakulu usana ndi usiku, ndipo njinga zamoto zachuluka paliponse. Munthu angathe kugwa, kudzuka, kuyenda yekha, pamene m'kati kapamba wang'ambika. Kapamba wotupa ndi malungo kapena likodzo sachedwa kung'ambika. N'chimodzimodzi mayi amene wadumphitsa mwezi umodzi kapena iwiri, kenako akumva kupweteka koopsa m'munsi mwa mimba, chizungulire, mwina kutaya magazi pang'ono. Mimba ingakhale itakhazikika m'njira ya mazira kunja kwa chiberekero, ndipo ikaphulika mayi amatha kufa tsiku lomwelo. Apa palibe za kusala kudya kapena kudikira tsiku lolembedwa, n'kuthamanga basi. Mwana wamng'ono amene mayi wamumva chotupa m'mimba pomusambitsa nayenso ajambulidwe msanga, chifukwa khansa ya impso ya ana imachizika ikagwidwa nthawi yabwino.

Miyala ya mu ndulu, miyala ya mu impso, zotupa za m'chiberekero ndi prostate yokula zimaonekanso bwino, ndipo zimenezi ambiri amazidziwa kale.

Nanga zimene saona? Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi ili: "Ndalipira ndalama zanga, andijambula, akuti palibe chilichonse, koma m'mimba mukundipwetekabe." Ena amafika ponena kuti makinawo ndi akufa, ena kuti nthendayo ndi ya kwa anthu. Kumbukirani za mpweya zija. Zilonda za m'mimba, zimene zimavutitsa anthu ambiri ndi kutentha kwa pachifuwa ndi kupweteka kwa pamwamba pa mchombo, zili m'kati mwa chifu, ndipo ecografia siziona. Zimaoneka ndi kapaipi kokhala ndi kamera kolowetsa kukamwa, ndipo kachilombo kamene kamaziyambitsa kawirikawiri kamayezedwa m'chimbudzi, mu mpweya kapena m'magazi. Malungo, taifodi, shuga ndi kuchepa kwa magazi zimapezeka ku labotale. Njoka za m'mimba zimafunidwa m'chimbudzi. Khansa ya m'matumbo ikadali yaing'ono imabisala. Pancreas, chiwalo chothandiza kugaya chakudya, ili kuseri kwa chifu, ndipo masiku ena imaoneka theka lokha. Appendix, kathumba kakang'ono kolumikizika ku matumbo, nthawi zina imaoneka, nthawi zina ayi, moti dokotala amene wagwira mimba n'kuona zizindikiro zonse angathe kuchita opaleshoni ngakhale chithunzi sichinaonetse kanthu. Kamwala kotsakamira pakati pa njira yochokera ku impso kangathe kusowa, n'kungooneka impso yofufuma kumtunda kwake. Mwa munthu wonenepa kwambiri mawu amafooka asanafike pansi. Choncho chithunzi chosaonetsa kanthu chimangotanthauza kuti m'ziwalo zimene zaonekazo simunapezeke vuto, ndipo kufufuza kupitirire kwina.

Ngakhale chotupa chikaoneka, makina sanganene motsimikiza kuti ndi khansa. Amanena kukula kwake, malo ake, ngati chili ndi madzi kapena n'cholimba, ndipo akatsegula mbali yotchedwa Doppler amaonetsa mmene magazi akuyendera m'menemo. Chigamulo chenicheni chimabwera podula kanyama kakang'ono n'kukayeza, kapena ndi makina ena monga CT, amene amagwiritsa ntchito X-ray ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Vuto lina ndi la zinthu zopezeka mwangozi. Anthu ambiri opitirira zaka 50 ali ndi kathumba ka madzi pa impso kamene sikadzawavutitsa mpaka kalekale. Ambiri okhala ndi miyala mu ndulu samva chilichonse moyo wawo wonse. Amayi ochuluka ali ndi tizotupa ta m'chiberekero tosaopsa. Munthu amene wapita yekha ku chipatala cholipira chifukwa cha kupweteka kwa msana, n'kuuzidwa kuti ali ndi "chotupa pa impso", amabwerera kunyumba osagona, n'kuyamba kugulitsa mbatatesi zonse za chaka kuti athamangitse nthenda yoti palibe, pamene chomupweteka chenicheni sichinakhudzidwe. Ine maganizo anga ndi oti munthu asayambire pa makina. Ayambire kwa dokotala kapena técnico amene amufunse, amugwire mimba, amuyeze mkodzo ndi magazi, kenako alembe pa guia funso lenileni: kodi mu ndulu muli mwala, kodi kapambayu watupa chifukwa cha chiwindi, kodi impso zatsekeka. Woyeza amene wapatsidwa funso amadziwa poyang'anitsitsa. Amene wangouzidwa kuti "mimba ikupweteka" amangoyendayenda ndi kachipangizo.

Izi zikutifikitsa pa woyezayo. Chithunzi cha X-ray chingathe kutumizidwa kwa katswiri wina n'kuchiwerenga bwinobwino. Ecografia imawerengedwa pomwepo pamene dzanja likuyenda, ndipo chimene woyeza sanachilondole sichidzapezeka pa timapepala takuda tija amakupatsani. Masiku ano kuli timakina ting'onoting'ono tolumikiza ku foni, ndipo n'zosangalatsa chifukwa tingathe kufika ku zipatala za kumidzi kumene magetsi amavuta. Koma kutchipa kwa makina kukutanthauzanso kuti aliyense angathe kuwagula. Si mwano kufunsa kuti amene akukujambulaniyo anaphunzira ntchitoyi kapena ayi, ndipo si kulakwa dokotala akapempha kuti mujambulidwenso.

Zotsatira zimalembedwa m'Chipwitikizi cha madokotala, ndipo anthu ambiri amachita nazo mantha asanazimve. Sem alterações ndiye kuti sanaone chosintha. Hepatomegalia ndi chiwindi chokula, esplenomegalia ndi kapamba wotupa, ascite ndi madzi m'mimba, litíase ndi miyala, quisto ndi kathumba ka madzi, mioma ndi chotupa cha m'chiberekero chimene si khansa, hidronefrose ndi impso yofufuma ndi mkodzo. Esteatose hepática ndi mafuta m'chiwindi, amene amabwera ndi kunenepa, shuga kapena mowa, ndipo amatha kuchepa munthu akasiya mowa n'kutsitsa thupi. Palibe limodzi mwa mawuwa limene palokha ndi dzina la nthenda yonse. Kapamba wotupa angakhale wa malungo, wa likodzo, wa chiwindi chouma kapena wa matenda a magazi, ndipo wosiyanitsa ndi amene anakutumizani, ataphatikiza pepalalo ndi zonse zimene anapeza. Mubwerere nalo kwa iyeyo, osati ku famasi kapena kwa mnansi wodziwa Chipwitikizi. Ndipo mulisunge pouma pamodzi ndi khadi lanu la kuchipatala, ngakhale mutakajambulitsa tsidya lina la malire. Kwa wodwala chiwindi, chimene dokotala amafuna kudziwa pakatha miyezi 6 n'chakuti kapamba amene anali masentimita 15 tsopano ali angati, ndiponso ngati kadontho kamene kakuoneka leroka kanalipo kale.